Ma VM atsopano akuthera panjira, log ikuti satifiketi yatha: tigwire pati?

"Achimwene, ndithandizeni nzeru. Ndimagwira ntchito ya IT pa bungwe lina kuno ku Blantyre, ndipo maseva athu ali pa Proxmox, pulogalamu yoyendetsera ma VM, omwe ndi makompyuta oyerekezera okhala m'kati mwa seva. Tili ndi template ya Ubuntu yomwe anapanga mnzathu wina amene anasiya ntchito kalekale. Zaka zonsezi tikafuna VM yatsopano timangokopera pa template imeneyo, kenako cloud-init imamalizitsa zotsala: kukoka mapulogalamu pa seva yathu ya mkati ndi kulembetsa makinawo. Kuyambira Lolemba VM ikumayaka bwinobwino koma ikumathera panjira, ndipo mu log mukulembedwa kuti SSL certificate problem: certificate has expired. Chondizunguza mutu n'chakuti satifiketi ya sevayo anzathu oyang'anira za Windows anatipatsa yatsopano mwezi wathawu, yodzatha chaka chamawa, ndipo pa laputopu yanga tsambalo likutseguka popanda vuto. Ma VM akale akuyenda. Mnzanga akuti tingoika -k pa curl, pulogalamu yokokera mafayilo, kuti isayang'ane satifiketi, apo ayi tibweze tsiku m'mbuyo, bola ntchito iyende, poti abwana akufuna makina atatu pofika Lachisanu. Talakwitsa pati?"

Achemwali, mtima ukhale m'malo. Palibe disiki yomwe yawonongeka, palibe deta yomwe yatayika, ndipo Proxmox ikugwira ntchito yake, poti inu nomwe mwanena kuti VM ikuyaka. Chomwe chavuta ndi chimodzi basi: VM yatsopanoyo ikukana kukhulupirira seva yanu ya mkati. Sikuti yapenga ayi, kukanako ndi ntchito yomwe inapatsidwa. Makina atatu a abwanawo muwapereka Lachisanu lisanakwane, popanda -k komanso popanda kuseweretsa tsiku.

Tiyambe ndi chomwe chakusokonezanicho, chakuti satifiketi ndi yatsopano koma makina akuti yatha. Zonse ziwiri ndi zoona, kungoti akunena masatifiketi osiyana. Taganizirani kalata ya kumudzi. Mukafuna umboni woti ndinu wa mudzi wakutiwakuti, a nyakwawa amalemba n'kudinda, koma ku ofesi ya ku boma a nyakwawa anuwo sawadziwa. Kalatayo amailandira chifukwa padindanso a T/A, omwe chidindo chawo akuchidziwa kale. Masatifiketi amayenda chimodzimodzi. Ya seva yanu inasainidwa ndi ina ya pamwamba pake, imeneyonso mwina ndi ina, mpaka kufika pa imodzi yomwe inadzisainira yokha. Imeneyo ndiyo root. Root palibe amaitsimikizira. Kompyuta imangoikhulupirira chifukwa munthu wina anaiika m'nkhokwe yake ya masatifiketi odalirika. Ndiye apa ndi pomwe pagona nkhani: nkhokweyo sikhala pa seva yomwe mukupitako, imakhala pa makina ofunsawo, ndipo kompyuta iliyonse ili ndi yakeyake. Root nayonso ili ndi tsiku lothera. Likakwana, kalata yonse imagwa, ngakhale a nyakwawa atailemba dzulo ndi inki yonyowa.

Template ndi chithunzi chojambulidwa tsiku limodzi. Chilichonse chomwe chinali mu Ubuntu uja tsiku lomwe mnzanu anamaliza ntchito yake chinaima pomwepo, kuphatikizapo root ya bungwe lanu yomwe iye anaikamo ndi manja. VM iliyonse yomwe mumapanga imabadwa ndi nkhokwe ya tsiku limenelo.

Mwati masatifiketi amakupatsani ndi anzanu a Windows, ndiye kuti mwina bungwe lanu lili ndi Active Directory Certificate Services. Munthu akamaika root CA (CA ndi seva yosainira masatifiketi) pa Windows Server n'kumangodina Next, Next, nthawi yomwe imabwera yokha ndi zaka 5. Zaka 5 zimaoneka zambiri pa tsiku loikalo, koma m'maofesi athuwa ndi nthawi yokwanira kuti woikayo asinthe ntchito kawiri. CA ya Windows sipereka satifiketi yopitirira tsiku lake lothera, choncho ngati ya seva yanu ikudzatha chaka chamawa, ndiye kuti anzanuwo root anaikonzanso kale. Anachita bwino. Root yatsopano ikalowa mu Active Directory, makompyuta a Windows a mu domain amailandira okha mwakachetechete, ndipo laputopu yanu ili m'gulu lomwelo, n'chifukwa chake tsambalo likukutsegukirani. Ubuntu wa mu template palibe anamuuza. Anapitiriza kuyenda ndi root yakale mpaka tsiku lake linakwana, mwina Loweruka kapena Lamlungu muli kunyumba, inu n'kudzazindikira Lolemba.

Ine zimenezi ndinaziphunzira ndi thukuta pa 30 September 2021. Linali Lachinayi. Tsiku limenelo root yotchedwa DST Root CA X3, ya kampani ya IdenTrust, inatha ntchito nthawi ikungopitirira 4 koloko masana pa nthawi ya kuno kwathu. Root imeneyi ndi yomwe Let's Encrypt, bungwe lopereka masatifiketi aulere, linatsamirapo pomwe linkayamba, root yawoyawo ya ISRG Root X1 isanafalikire. Analengeza miyezi yambiri m'mbuyo, ndipo ine ndinawerenga n'kunena kuti za ife sizikutikhudza, poti ISRG Root X1 inalimo kale m'makina athu. Masana amenewo ndinkapanga ma VM a CentOS 7 pa malo ena omwe ndinkathandizako. Yoyamba inadutsa bwinobwino. Nditabwerako komwa tiyi ndinayatsa yachiwiri, template yomweyo, script yomweyo, koma inaima pa wget, pulogalamu ina yokokera mafayilo ngati curl, uthenga uli Issued certificate has expired. Ndinatsegula satifiketi ya tsambalo, inali ndi miyezi iwiri yathunthu. Ndinayesa curl pa VM yomweyo, inadutsa. Ndinakhala duu, kuyang'ana mizere iwiriyo, wina wakana wina wavomera, pa makina amodzi.

Chinachitika n'chiyani? Pofuna kuti mafoni akale a Android, osafika 7.1.1, apitirize kutsegula masamba, maseva ankatumiza mndandanda wautali womwe unkathera kwa DST Root CA X3, popeza Android sayang'ana tsiku lothera la root yomwe ili m'nkhokwe yake. Mapulogalamu atsopano ankafika pa ISRG Root X1, n'kuona kuti akuidziwa, n'kuimira pomwepo. Koma OpenSSL 1.0.2, yomwe ili mu CentOS 7 ndi Ubuntu 16.04, inkatsatira mndandandawo mpaka kumapeto, n'kukapeza root yotha m'nkhokwe, n'kukana zonse. Pa CentOS 7 wget imadalira OpenSSL pomwe curl imadalira NSS, n'chifukwa chake zinkasemphana. Mankhwala ake sanali kuwonjezera kanthu, anali kuchotsa root yothayo. Ndikukuuzani nkhaniyi kuti mugwire ziwiri: pulogalamu imodzi ikadutsa sizitanthauza kuti zonse zidutsa, ndipo root yakufa ikasiyidwa m'nkhokwe imatha kugwetsa yamoyo. Si ulendo wokhawo: AddTrust External CA Root inagwetsa anthu chimodzimodzi pa 30 May 2020, ndipo Baltimore CyberTrust Root, yomwe mautumiki ambiri a Azure ankadalira kale, inatha pa 12 May 2025.

Tsopano musakonze kanthu musanaone ndi maso anu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. VM imodzi mwa zomwe zathera panjira musaifufute. Lowanimo kudzera pa console ya Proxmox. Choyamba lembani date -u, muone tsiku. Zimatenga masekondi asanu, ndipo ndaonapo anthu akutaya tsiku lathunthu pa nkhani ya wotchi. VM imatenga nthawi kwa seva yomwe yaibereka, ndiye ngati kabatire ka CMOS ka sevayo kanatha ndipo magetsi anazima n'kuyakanso, wotchi imatha kusokonekera NTP, yokonza nthawi kudzera pa netiweki, isanaiwongole. Kungoti wotchi yotere kawirikawiri imabwerera m'mbuyo, ndipo uthenga wake umakhala not yet valid, osati expired. Wanu akuti expired, ndiye wotchi sindikuikayikira kwambiri, koma onanibe.

Kenako werengani /var/log/cloud-init-output.log mupeze dzina lenileni la seva yomwe yakanidwa. Musaganizire. Script za anthu omwe anachoka zimakhala ndi maadiresi omwe palibe akuwakumbukira. Mukalipeza, lembani izi muli m'kati mwa VM yomweyo, osati pa laputopu:

openssl s_client -connect dzina-la-seva:443 -servername dzina-la-seva -showcerts

Kutuluka zolemba zambirimbiri, koma inu yang'anani mizere ya pamwamba yomwe ikuyamba ndi depth. Pomwe pali depth=0 ndi satifiketi ya sevayo, depth=1 ndi yomwe inaisainira, ndipo nambala yaikulu pa zonse ndiyo root. Pansi pa imodzi mwa izo mupeza verify error:num=10:certificate has expired, ndipo mzere wotsatira wa notAfter ukuuzani tsiku lomwe inatha. Mzere umenewo ndiwo wothetsa mlandu. Ngati 10 ali pa depth yaikulu ndipo dzinalo ndi la CA ya bungwe lanu, ndiye ndi zomwe ndafotokozazi. Ngati m'malo mwa 10 mwaona 20, unable to get local issuer certificate, ndiye kuti root yomwe ikufunika mulibemo n'komwe m'nkhokwe ya VM. Mukaona 9, bwererani ku wotchi.

Musanaloze chala template yokha, werenganinso masatifiketi omwe sevayo ikutumiza. Kawirikawiri munthu akamasintha satifiketi pa nginx kapena Apache amasintha ya pamwamba yokha, n'kusiya zakale zomwe zinamatidwa pansi pake mu fayilo yomweyo. Windows imatha kunyalanyaza zakalezo n'kudzipezera njira ina kudzera m'nkhokwe yake, pomwe Linux nthawi zambiri imangotsatira zomwe yapatsidwa. Koperani chidutswa chilichonse kuyambira BEGIN CERTIFICATE mpaka END CERTIFICATE, muike mu fayilo yakeyake, ndipo pa iliyonse mulembe:

openssl x509 -in fayilo.crt -noout -subject -issuer -enddate

Ngati yotha ikuchokera ku seva, konzani fayilo ya pa sevayo n'kuchita reload. Nthawi zina mumapeza kuti kwaola mbali zonse ziwiri.

Tinene kuti ndi template. Pitani kwa anzanu a Windows mukapemphe root yatsopano. Pa seva ya CA atha kuitulutsa ndi certutil -ca.cert root.cer. Mufunika satifiketi yokha, yomwe si chinsinsi. Akakupatsani fayilo ya .pfx yokhala ndi password, ibwezeni ndipo muwauze aifufute, chifukwa mmenemo mumakhala kiyi wachinsinsi, ndipo kiyi wa root sayenera kuchoka pa makina ake zivute zitani. Muwafunsenso funso limodzi: pokonzanso root, anagwiritsa kiyi yemwe uja kapena anapanga watsopano? Ngati ndi yemwe uja, root yatsopano ivomereza ngakhale masatifiketi omwe anaperekedwa kale. Ngati ndi watsopano, seva iliyonse yomwe ikadali ndi satifiketi yosainidwa ndi kiyi wakale iyenera kupatsidwa ina, ndipo ndi bwino muwadziwe maseva amenewo lero.

Fayilo yochokera ku Windows kawirikawiri imakhala ya mtundu wa DER, pomwe Ubuntu amafuna PEM. Isintheni motere:

openssl x509 -inform der -in root.cer -out root-yatsopano.crt

Ndiyeno lembani openssl x509 -in root-yatsopano.crt -noout -fingerprint -sha256, mudzuke pampando, mupite pa desiki ya mnzanuyo mukayerekeze manambalawo ndi omwe ali pa CA. Anthu amandiseka ndikamaumirira zimenezi, koma chomwe mukuika mu template chikhulupiriridwa ndi makina onse omwe mudzapange kwa zaka zikubwerazi. Fayilo yomwe yadutsa pa imelo, pa WhatsApp ndi pa flash ya munthu ndi yofunika kuitsimikizira.

Yesani kaye pa VM yakufa ija. Mu /usr/local/share/ca-certificates mupezamo root yakale yomwe mnzanu anaika. Ichotseni, muikemo yatsopano. Dzina la fayilo lithere ndi .crt, apo ayi Ubuntu aidumpha osanena kanthu, ndipo ka msampha kameneka kagwira anthu ambiri. Kenako update-ca-certificates --fresh. Bwerezani openssl s_client uja. Pansi penipeni payenera kulembedwa Verify return code: 0. Yesaninso ndi apt update komanso curl yeniyeni yomwe ili mu script, pokumbukira nkhani yanga ya wget ija. Kwa omwe ali pa Rocky Linux, AlmaLinux kapena Red Hat, malo ake ndi /etc/pki/ca-trust/source/anchors, kenako update-ca-trust extract.

Zikayenda pa VM imodzi, za Lachisanu muli ndi njira ziwiri. Yachidule ndi kuuza cloud-init kuti aike root yekha VM ikamayaka koyamba. Ali ndi gawo lotchedwa ca_certs, lomwe pa cloud-init wakale limalembedwa ca-certs, ndipo pansi pa mawu oti trusted mumamata satifiketi yonse. Gawo limeneli limayenda kukoka mapulogalamu kusanayambe, ndiye limafika pa nthawi yake. Root yakaleyo muifufute ndi bootcmd mu fayilo yomweyo. Pa Proxmox fayiloyo mumaiika mu snippets n'kuilumikiza ndi qm set, pogwiritsa --cicustom ndi mawu oti vendor, kuti dzina la wolowa ndi makiyi a SSH omwe mumalemba pa tsamba la Proxmox asafufutike. Mugawo la ca_certs lija muona remove_defaults. Musaiyatse. Imachotsa ma root onse a pa intaneti omwe anabwera ndi Ubuntu, ndipo mawa mudzandilembera kalata ina.

Njira yeniyeni ndi kukonza template. Pangani full clone ya template yakaleyo, muiyatse, muike root monga tachitira, mukweze phukusi la ca-certificates pamodzi ndi ena onse. Musanaizimitse lembani cloud-init clean --logs, mukhuthule /etc/machine-id ndi truncate -s 0, mufufute makiyi a ssh_host omwe ali mu /etc/ssh. Mukaiwala zimenezi ma VM anu onse adzabadwa ngati mapasa, ndipo mutha kudzaona awiri akulimbirana IP imodzi kwa DHCP. Mukatero isandutseni template yatsopano, ndipo m'dzina lake muikemo mwezi ndi chaka. Yakaleyo musathamangire kuichotsa kapena kugwira disiki yake: ngati ma VM ena anapangidwa ngati linked clone, akutsamirabe pa disiki imeneyo. Ngati muli ndi fayilo ya qcow2 yoyambira, virt-customize ya mu libguestfs imatha kulowetsa satifiketi ndi kuyendetsa update-ca-certificates popanda kuyatsa makinawo.

Mwina mugwa mu njakata iyi: phukusi latsopano la ca-certificates lili pa seva yomweyo yomwe VM ikukana kulankhula nayo. Likopereni ndi scp kuchokera pa makina ena, kapena gwiritsani mirror ya Ubuntu ya pa http wamba kwa kanthawi. Pamenepa palibe choopsa kwenikweni, chifukwa apt amatsimikizira siginecha ya GPG ya zomwe akukoka posatengera njira yomwe zadzera. Komanso yang'anani kuti Ubuntu wanuyo ndi wa chaka chanji. Ngati ndi 18.04, chithandizo chake chaulere chinatha mu 2023, cha 20.04 chinatha mu 2025. Zikakhala choncho, root ndi belu chabe lokudzutsani, template yonse ndi yofunika kumangidwanso sabata yamawa mutapuma.

Za maganizo a mnzanuyo. Sindimunyoza, nanenso ndinaikapo -k usiku wina ndili ndi tulo. Koma taonani zomwe zimadutsa pa nthawi yomwe VM ikubadwa: script yomwe iyende ndi mphamvu zonse za woyang'anira makina, token yolembetsera, nthawi zina password yolowera mu domain. Mosiyana ndi maphukusi a apt, zimenezi zilibe siginecha ina yozitchinjiriza. Satifiketi ndiye mlonda yekhayo. Mukaika -k mwauza VM kuti aliyense woyankha pa adiresi imeneyo ndi mwini wake. Ndipo choipa cha -k n'chakuti sichichoka. Chimalowa mu script Lachitatu ngati cha kanthawi, ntchito n'kuyenda, aliyense n'kuiwala. Ndinapezapo sslverify=0 mu template ina, pambali pake pali ndemanga yoti tichotsa mawa, deti lake la zaka zitatu zapitazo. Chimodzimodzi Verify-Peer false wa apt.

Kubweza tsiku ndiye koipitsitsa. Kerberos, yotsimikizira olowa mu domain, salola kusiyana kwa nthawi kopitirira mphindi 5, ndiye VM singalowe mu domain. Mukabweza kwambiri, satifiketi yatsopano ija ikhala yosabadwa ndipo mukanidwanso, ulendo uno ndi not yet valid. Ma log asokonekera, ndipo NTP ikangodzuka iwongola wotchi muli pakati pa ntchito. Mukakabweza pa seva ya Proxmox yeniyeniyo ndiye mwaika pachiswe ma VM onse ndi ma backup awo.

Mukakonza nkhokwe ya Ubuntu musadabwe pulogalamu ina ikamakanabe. Ena amayenda ndi thumba lawolawo. Java ili ndi fayilo ya cacerts yomwe imakonzedwa ndi keytool, makamaka ngati Java-yo munachita kuika pamanja. Python requests yoikidwa ndi pip imadalira certifi, pokhapokha mutailozera kwina ndi REQUESTS_CA_BUNDLE. Node.js ili ndi mndandanda wake m'mimba, ndipo root yanu imalowa kudzera pa NODE_EXTRA_CA_CERTS. Ma container a Docker aliyense ali ndi nkhokwe yake m'kati mwa image. Ngati kulembetsa makina komwe mwatchulako ndi kwa Puppet, dziwani kuti ili ndi CA yakeyake, ndipo pa Puppet wakale nayonso inkabwera ndi zaka 5.

Ndipatukeko pang'ono chifukwa cha owerenga omwe ali pa VMware, poti kumeneko matenda omwewa amaonekera pena. Inu VM ikuyaka n'kukathera m'kati. Kwa iwo nthawi zambiri clone siyamba n'komwe, kapena akulephera kulowa mu vCenter, pulogalamu yoyang'anira ma VM awo, tsamba likungoti 503. Pamenepo satifiketi yotha ili pa vCenter, osati mu template. Root ya VMCA, CA ya m'kati mwa vCenter, imabwera ndi zaka 10, koma pali ina ya STS, yosainira ziphaso zolowera, yomwe pa ma vCenter ambiri oikidwa kuyambira 6.5 Update 2 inali ya zaka 2 zokha, ndipo m'ma vCenter akalewo sinkaoneka pa tsamba lomwe anthu ankayang'anapo masatifiketi. VMware inatulutsa ma script a checksts ndi fixsts chifukwa cha vuto limeneli, ndipo pambuyo pake kunabwera vCert. Pa root ndi ena onse pali certificate-manager. Musayendetse chilichonse mwa izi musanatenge snapshot vCenter ili yozimitsa, ndipo ngati ma vCenter anu ndi olumikizana mu Enhanced Linked Mode, azimitseni onse mutenge snapshot nthawi imodzi. Mukamaliza, mapulogalamu a backup ndi Horizon atha kufuna kuti muvomerezenso satifiketi yatsopano, apo ayi kupanga ma desktop kuima ngakhale vCenter ili bwino.

Tibwerere kwa inu. Pali pomwe ndingakuuzeni kuti imani, itanani wina. Ngati anzanu a Windows akuti root sanaikonzepo, ndipo yatha pa CA penipenipo, imeneyo si ntchito ya munthu mmodzi madzulo. Zimakhudza Wi-Fi ya ofesi, VPN, LDAPS ndi zina zomwe simunaziganize, ndiye pafunika munthu yemwe anakonzapo CA ya Windows, backup ya CA ndi kiyi wake zili pambali. Ngati kiyi wa root anasowa pamodzi ndi seva yomwe inafa, kapena palibe akudziwa password yake, mukhala mukumanga CA yatsopano, ndipo abwana ayenera kuuzidwa mwa kalata. Ngati openssl yakuonetsani dzina la wosainira lomwe palibe aliyense mu ofesi akulidziwa, musaliike m'nkhokwe kuti uthenga ungochoka. Mwina ndi firewall yanu yomwe imatsegula HTTPS n'kusainanso ndi root yake, yomwe nayonso imatha. Mwinanso ndi wina amene wakhala pakati panu ndi seva. Funsani woyang'anira netiweki kaye, safunsa anadya phula. Ndipo ngati makina atatuwo ndi okhudza ndalama kapena malipiro a anthu, pakhale munthu wachiwiri woona zomwe mwasintha musanapereke.

Mwati ma VM akale akuyenda. Chikomekome cha mkuyu, achemwali. Anabadwa kuchokera pa template yomweyo, ndiye root yotha ija ali nayo onse. Akuoneka abwino chifukwa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku sikuwapititsa ku seva ya mkatiyo, kapena akupitako n'kumalephera mwakachetechete. Lowani mu awiri kapena atatu mulembe apt update, muona. Kuyambira tsiku lomwe root inatha, mwina palibe yomwe yalandira update kuchokera pa seva yanuyo, ndipo script iliyonse ya usiku yomwe imatumiza zinthu pa HTTPS ku maseva a mkati ndi yofunika kuiyang'ana, makamaka ya backup. Ngati muli ndi Ansible, kugawa root yatsopano ndi ntchito ya mphindi zochepa, poti imadutsa pa SSH yomwe satifiketi imeneyi siikhudza. Ngati mulibe, ndi scp ndi kapu ya tiyi.

Mukapereka makina aja, tengani theka la ola Lolemba muchite kanthu kamodzi. Lembani ka script koyenda ndi cron sabata iliyonse, koyang'ana fayilo iliyonse ya mu /usr/local/share/ca-certificates ndi openssl x509 -checkend 7776000, omwe ndi masiku 90 powerengera masekondi, n'kutumiza imelo ku adiresi ya gulu lonse la IT, osati ya munthu mmodzi. Zida zambiri zoyang'anira maseva zimangoona satifiketi yomwe seva ikutumiza, root ya m'nkhokwe saiona. Tsiku la notAfter la root yatsopanoyo mulilembe pa kalendala ya gulu, chikumbutso chikhale miyezi 6 lisanakwane, ndipo muwapemphe anzanu a Windows kuti akadzakhudzanso CA azidzakuuzani a Linux. Ngati mwayesa zonsezi koma openssl ikukanabe, nditumizireni mizere ya depth ndi verify error yokha, mutabisa dzina la seva. Fayilo iliyonse yomwe muli mawu oti PRIVATE KEY isachoke pa makina anu.